Mmene Ofufuza Amadziwira Kuti Madzi, Mpweya ndi Phokoso Zikudwalitsa Anthu

Kuipitsidwa kwa madzi, mpweya ndi malo okhala kumapha anthu ochuluka, koma dzina lake silipezeka m'mabuku a chipatala. Munthu akamwalira, dokotala amalemba kuti wafa ndi chibayo, sitiroko, mtima kapena kutsegula m'mimba. Salemba kuti wafa ndi utsi wa m'khitchini kapena madzi a pachitsime. Komabe gulu la akatswiri lomwe linasonkhanitsidwa ndi magazini ya zachipatala ya The Lancet linalengeza m'chaka cha 2017 kuti kuipitsidwa kwa chilengedwe kunachititsa imfa pafupifupi 9 miliyoni m'chaka cha 2015. Litawerengeranso m'chaka cha 2022 linapeza chiwerengero chomwecho cha chaka cha 2019, kutanthauza imfa imodzi pa imfa 6 zilizonse padziko lapansi. Chiwerengero chotere sichipezeka powerenga manda. Chimachokera ku ntchito ya ofufuza amene kwa zaka zoposa 150 akhala akuyerekeza magulu a anthu, ena akumwa madzi awa ena awo, ena akupuma mpweya uwu ena uwo, n'kumaona kuti matenda akuchulukira kuti.

Ntchitoyi ndi yovuta pa chifukwa chimodzi chachikulu. Wofufuza sangasonkhanitse anthu n'kuwamwetsa dala madzi oipa kapena kuwatsekera m'nyumba ya utsi kuti aone chomwe chichitike. Amadalira zomwe zikuchitika kale m'moyo wa anthu, ndipo m'moyo wa anthu mavuto sayenda okha. Banja lokhala pafupi ndi fakitale kapena mtsinje wa zonyansa nthawi zambiri ndi banja losauka, lomwe limadya moperewera, limagona mopanikizana ndipo limafika mochedwa kuchipatala. Mwana wa m'banja limeneli akamadwaladwala, cholakwa ndi utsi, njala, kapena zonse pamodzi? Kupatula chifukwa chenicheni pakati pa zinthu zoyendera limodzi ndiye phata la sayansi imeneyi. M'chaka cha 1965 katswiri wa ziwerengero wa ku Britain, Austin Bradford Hill, anafotokoza mfundo zothandiza kuweruza nkhani zotere, ndipo zikugwirabe ntchito mpaka lero. Zina mwa izo ndi zakuti chinthu choganiziridwacho chiyambe kupezeka matenda asanabwere, kuti amene achilandira chambiri adwale kuposa amene achilandira chochepa, kuti zotsatira zifanane m'mayiko osiyanasiyana, komanso kuti chikachotsedwa matenda atsike.

Njira zimenezi zinayamba kuphukira pa nkhani ya madzi. Kumapeto kwa Ogasiti 1854 kolera inabuka m'dera la Soho mumzinda wa London ndipo inapha anthu oposa 500 m'masiku 10 okha. Madokotala ambiri a nthawi imeneyo ankakhulupirira kuti kolera imayenda ndi fungo loipa. Dokotala John Snow sanagwirizane nazo. Anayenda khomo ndi khomo kufunsa kumene omwalirawo ankatunga madzi, ndipo anapeza kuti ambiri ankatunga pamjigo wa mumsewu wa Broad Street. Chomwe chinalimbitsa mfundo yake si anthu omwe anafa okha, komanso omwe anapulumuka. Ogwira ntchito pamalo ofululira mowa mumsewu womwewo sanadwale, chifukwa sankamwa madzi a pamjigowo. Koma mayi wina wamasiye wa ku Hampstead, kutali ndi Soho, anafa ndi kolera chifukwa ankakonda kukoma kwa madzi a pamjigowo ndipo ankachita kumubweretsera. Akuluakulu a dera anachotsa chogwirira cha mjigo pa 8 Seputembala, ngakhale kuti panthawiyo mliri unali utayamba kale kuzilala poti anthu ambiri anali atathawa. Pambuyo pake mbusa Henry Whitehead anapeza gwero: madzi ochapira matewera a khanda lodwala ankatayidwa m'dzenje la zonyansa lomwe linali pafupi kwambiri ndi chitsime.

Nkhani ya mjigo ndi yotchuka, koma kafukufuku wina wa Snow wa chaka chomwecho ndiye anali wamphamvu koposa. Kumwera kwa London makampani awiri ankagulitsa madzi m'misewu imodzimodzi, nyumba iyi kampani iyi, nyumba yoyandikana nayo kampani inayo. Kampani ya Lambeth inali itasamutsa malo opopera madzi kupita kumtunda kwa mtsinje wa Thames, kumene zonyansa za mumzinda sizinkafika. Kampani ya Southwark and Vauxhall inkapopabe mkati mwa mzinda. Apa olemera ndi osauka anali osakanikirana mbali zonse ziwiri, mpweya unali umodzi, ndipo chosiyana chinali madzi okha. M'masabata 7 oyambirira a mliri, pa nyumba 10,000 zilizonse za Southwark and Vauxhall panali imfa 315, pomwe za Lambeth zinali ndi imfa 37. Snow anafika pachoonadi osaona kachilombo kalikonse. Wasayansi Robert Koch anadzatsimikiza za kachilombo ka kolera zaka pafupifupi 30 pambuyo pake. Kuyambira pamenepo zinadziwika kuti gwero la matenda lingatsekedwe ngakhale sayansi isanamvetse bwino mmene matendawo amagwirira ntchito m'thupi.

Masiku ano woyeza madzi sasakasaka tizilombo tonse payekhapayekha. Amayang'ana mabakiteriya a E. coli, omwe amakhala m'matumbo a anthu ndi nyama. Akapezeka m'madzi, ndiye kuti ndowe kapena chimbudzi chalowamo, ndipo tizilombo ta kolera, tayifodi ndi kamwazi tingakhalemonso. Muyezo wa bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO ndi wakuti m'mamililita 100 a madzi akumwa musapezeke ngakhale kamodzi. Kafukufuku wa m'midzi yambiri ya mu Africa waonetsa chinthu chomwe okumba mijigo poyamba sankachiganizira: madzi amatha kutuluka abwino pamjigo n'kuipira panjira, m'chidebe chosatsuka, mumtsuko wosavundikira kapena m'chikho chomwe aliyense amaviika ndi dzanja lake. N'chifukwa chake oyeza amatenga madzi pawiri, pamjigo ndi panyumba, ndipo alangizi azaumoyo amalimbikitsa kuthira klorini m'madzi osungidwa.

Kolera ikadali chizindikiro chosabisika cha madzi oipa. Mliri wa ku Zimbabwe wa 2008 ndi 2009 unagwira anthu pafupifupi 100,000 ndi kupha oposa 4,000, mapaipi a madzi ndi a suweji a ku Harare ndi Chitungwiza atasiya kugwira ntchito bwino. Ku Malawi mliri womwe unayamba mu Malichi 2022 m'boma la Machinga, anamondwe Ana ndi Gombe atagumula zimbudzi ndi kusefukiza zitsime, unagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700, ndipo unakhala woopsa kuposa yonse m'mbiri ya dzikoli. Miliri yotere imaonekera msanga chifukwa odwala amadzaza zipatala m'masiku ochepa. Kutsegula m'mimba kwa tsiku ndi tsiku, komwe kumafooketsa ana pang'onopang'ono, n'kovuta kukuyeza, ndipo apa sayansi yakumana ndi zodabwitsa. Kwa nthawi yaitali akatswiri ankayembekezera kuti chimbudzi chabwino, sopo ndi madzi a klorini zichepetsa kupinimbira kwa ana. Kafukufuku wamkulu wa WASH Benefits ku Bangladesh ndi ku Kenya, ndi wa SHINE m'maboma a Chirumanzu ndi Shurugwi ku Zimbabwe, anagawa midzi mwamaere, ina kulandira zinthuzi ina ayi. Zotsatira zomwe zinatuluka m'zaka za 2018 ndi 2019 zinaonetsa kuti ana sanatalike kuposa anzawo. Ku Bangladesh kutsegula m'mimba kunatsika, koma ku Kenya ndi ku Zimbabwe sikunasinthe. Ofufuza ambiri anamasulira kuti ukhondo wochitika pang'ono sukwanira pamalo pomwe mwana amakwawa pabwalo la zitosi za nkhuku n'kumaika dothi m'kamwa. Njira zolowera tizilombo n'zambiri, ndipo kutseka ziwiri kapena zitatu kumasiya zina zili pululu.

Poizoni wa m'madzi ndi wovuta koposa tizilombo, chifukwa madzi ake amaoneka oyera, alibe fungo, ndipo kuwiritsa sikuthandiza. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 ku Bangladesh kunakumbidwa mijigo mamiliyoni ambiri pofuna kupulumutsa ana ku madzi a m'madambo. Cholingacho chinatheka, koma palibe amene anayeza madzi apansiwo ngati munali arsenic, poizoni wopezeka mwachilengedwe m'nthaka ya kumeneko. Vutoli linatsimikizika m'chaka cha 1993, anthu atayamba kale kuoneka ndi mawanga ndi zikang'a m'manja ndi kumapazi. Arsenic amayambitsa khansa ya pakhungu, ya m'chikhodzodzo ndi ya m'mapapo patatha zaka 10 kapena 20, ndipo anthu mamiliyoni makumi angapo anamwa madzi opyola muyezo wa WHO wa ma microgram 10 pa lita. Ku Minamata m'dziko la Japan poizoni anali wa anthu: fakitale ya kampani ya Chisso inkataya mekyule m'nyanja, nsomba n'kumudya, asodzi ndi mabanja awo n'kudya nsombazo. Amphaka ndiwo anayamba kupenga ndi kugwa. Matendawa anadziwika m'chaka cha 1956, koma boma linavomereza gwero lake m'chaka cha 1968, fakitale ikutayabe kwa zaka zonsezo. Pangano la mayiko lochepetsa mekyule la 2013 linatchedwa dzina la mzindawo. Nkhaniyi ikukhudzanso mayiko monga Zimbabwe, Mozambique ndi Tanzania, kumene okumba golide m'migodi ing'onoing'ono amagwiritsa ntchito mekyule posefa golide m'mbali mwa mitsinje.

Mtovu suchedwa kudutsa malire a madzi, mpweya ndi dothi. M'kafukufuku wosindikizidwa m'chaka cha 1979, wofufuza Herbert Needleman wa ku America anasonkhanitsa mano omwe ana a sukulu anagulula, n'kuyeza mtovu womwe unali m'manomo. Ana omwe anali ndi mtovu wambiri ankakhoza mochepa pamayeso a nzeru ndipo ankavutika kumvetsera m'kalasi, ngakhale sankaoneka odwala. Umboni woterewu unathandiza kuchotsa mtovu mu petulo, ntchito yomwe inatha padziko lonse m'chaka cha 2021 dziko la Algeria litasiya kugulitsa petulo wotere. Ku Flint m'chigawo cha Michigan, mzinda utasintha gwero la madzi mu Epulo 2014, madzi atsopanowo anayamba kudya mapaipi akale a mtovu. Dokotala wa ana Mona Hanna-Attisha anangoyerekeza zotsatira za magazi a ana zomwe chipatala chinali nazo kale, za madzi asanasinthe ndi atasintha, n'kupeza kuti chiwerengero cha ana a mtovu wokwera chinali chitachuluka pafupifupi kawiri. Ku Kabwe m'dziko la Zambia mgodi wa mtovu unatsekedwa m'chaka cha 1994 utagwira ntchito zaka pafupifupi 90, koma fumbi lake likadali m'mabwalo ndi m'misewu ya madera oyandikana nawo, ndipo magazi a ana ambiri kumeneko amapezeka ndi mtovu wokwera kwambiri. WHO imanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi womwe ungatchedwe wosavulaza.

Pa nkhani ya mpweya, maso a dziko anatseguka ndi ngozi. Kuyambira pa 5 mpaka pa 9 Disembala 1952 mphepo inaima mu London, ndipo utsi wa malasha wochokera m'nyumba ndi m'mafakitale unasakanikirana ndi chifunga n'kukhazikika pamzinda. Anthu sanazindikire msanga kukula kwa tsokalo. Linaonekera pamene akuluakulu anayerekeza imfa za masabata amenewo ndi za nyengo yomweyo m'zaka zam'mbuyo, n'kupeza imfa zoonjezera pafupifupi 4,000. Ofufuza a pambuyo pake, powerengera miyezi yotsatira, anafika pa 12,000. Lamulo loyeretsa mpweya la 1956 linabadwa pamenepo. Njira yoyerekeza imfa za tsiku lililonse ndi kuipa kwa mpweya wa tsikulo ikugwiritsidwabe ntchito m'mizinda mazanamazana, ndipo ubwino wake ndi wakuti mzinda umayerekezedwa ndi iwo wokha: chiwerengero cha osuta fodya kapena osauka sichisintha pakati pa Lolemba ndi Lachinayi, koma utsi umasintha.

Funso lovuta linali lakuti mpweya woipa pang'ono, wopumidwa zaka zambiri, umachita chiyani. Ofufuza a yunivesite ya Harvard anatsatira akuluakulu 8,111 m'mizinda 6 ya ku America kwa zaka 14 mpaka 16, akulemba za kusuta, kulemera kwa thupi, maphunziro ndi ntchito ya aliyense. Zotsatira za 1993 zinaonetsa kuti, zonsezi zitachotsedwa, chiopsezo cha imfa mumzinda wa zitsulo wa Steubenville chinali chokwera ndi 26 peresenti kuyerekeza ndi tauni ya mpweya wabwino ya Portage. Eni mafakitale anatsutsa kwambiri, koma gulu lina loima palokha litabwereza masamu onse m'chaka cha 2000 linapeza zomwezo. Umboni wina unabwera mwangozi. M'chigwa cha Utah fakitale ya zitsulo inatsekedwa kuyambira 1986 mpaka 1987 chifukwa cha mkangano wa pantchito, ndipo wofufuza C. Arden Pope anapeza kuti ana ogonekedwa m'chipatala ndi matenda a m'chifuwa anachepa kwambiri m'nyengo yozizira imeneyo, n'kuchulukanso fakitale itatsegulidwa.

Chomwe chinapezeka kuti n'choopsa koposa ndi tinthu ting'onoting'ono ta mu utsi totchedwa PM2.5, tomwe m'mimba mwake ndi mochepa kuwirikiza pafupifupi 30 poyerekeza ndi tsitsi la munthu. Fumbi lalikulu limakodwa m'mphuno ndi pakhosi n'kutuluka ndi mamina kapena makhololo. Tinthu iti timadutsa n'kukafika pansi penipeni pa mapapo, pomwe mpweya umalowera m'magazi. Kumeneko timayambitsa kutupa komwe kumafalikira m'mitsempha, magazi amayamba kugwirana msanga, ndipo mitsempha imauma. N'chifukwa chake, mosiyana ndi momwe ambiri amaganizira, imfa zochuluka zobwera ndi mpweya woipa ndi za mtima ndi sitiroko, osati za chifuwa. Zotsalazo ndi chibayo, matenda okhalitsa otseka njira za mpweya, ndi khansa ya m'mapapo. Nthambi ya WHO yofufuza za khansa inaika utsi wa dizilo m'gulu la zoyambitsa khansa m'chaka cha 2012, ndipo chaka chotsatira inaikamonso mpweya woipa wa panja. M'chaka cha 2021 WHO inatsitsa muyezo wa PM2.5 wa pachaka kuchoka pa ma microgram 10 kufika pa 5 pa kyubiki mita imodzi ya mpweya, chifukwa ngakhale m'mayiko a mpweya wooneka woyera vuto linkapezekabe. Pamuyezo wotere, anthu 99 pa 100 aliwonse padziko amapuma mpweya wosayenera. Kamodzikamodzi nkhaniyi imafika mpaka kukhoti: m'chaka cha 2020 wofufuza za imfa ku London anagamula kuti mpweya woipa wa pamsewu unathandizira imfa ya mtsikana wa zaka 9 wodwala mphumu, ndipo aka kanali koyamba ku Britain kuti zimenezi zilembedwe pachikalata cha imfa.

M'mayiko ambiri a mu Africa utsi woopsa suli pamsewu koma pamafuwa. Anthu oposa 2 biliyoni padziko amaphikira nkhuni, makala, zitsononkho kapena ndowe, ndipo WHO inawerengera kuti utsi wa m'nyumba unapha anthu 3.2 miliyoni m'chaka cha 2020. Ku Malawi mabanja oposa 9 pa 10 aliwonse amaphikira nkhuni kapena makala. Mwaye womwe umakuta denga la khitchini ndi womwewo umalowa m'chifuwa cha wophika ndi cha mwana wam'bereko kumbuyo kwake. Makala satulutsa utsi wooneka wambiri, koma amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wopanda mtundu kapena fungo, womwe umapha anthu ogona ndi mbaula m'chipinda chotseka m'miyezi ya Juni ndi Julaye.

Zinkaoneka zodziwikiratu kuti mbaula yochepetsa utsi ichepetsa chibayo, ndipo kafukufuku wamkulu woyesa zimenezi anachitikira ku Malawi komweko, ku Chikwawa ndi ku Chilumba m'boma la Karonga. Ofufuza a Liverpool School of Tropical Medicine ndi anzawo a ku Malawi anatsatira ana oposa 10,000 osakwana zaka 5 kwa zaka ziwiri. Midzi inagawidwa mwamaere: ina inalandira mbaula zamakono zokhala ndi fani yopemerera moto ndi sola yotchajira, ina inapitiriza kuphika pamafuwa. Zotsatira zomwe zinasindikizidwa mu The Lancet m'chaka cha 2017 zinaonetsa kuti chibayo sichinasiyane m'magulu awiriwo, ngakhale kupsa ndi moto kunachepa. Zifukwa zingapo zinaperekedwa. Mbaula zinkawonongeka pafupipafupi. Mabanja ambiri ankaphikirabe pamafuwa pakafunika mphika waukulu kapena moto wokhalitsa wa nyemba. Ndipo mwana amapuma utsi wa mudzi wonse, wa anansi, wa zinyalala zotenthedwa ndi wa tchire, osati wa khitchini ya amayi ake yokha. Kafukufuku wina wa HAPIN ku Guatemala, India, Peru ndi Rwanda anapita patsogolo popatsa amayi oyembekezera mbaula za gasi ndi gasi waulere. Utsi womwe ankapuma unatsika kwambiri, komabe kulemera kwa makanda pobadwa ndi chibayo chachikulu sizinasinthe mooneka. Kunena kuti zimenezi zikutsimikiza kuti utsi wa nkhuni ulibe vuto kungakhale kuthamanga. Matenda a mtima ndi a mapapo amatenga zaka makumi kuti aoneke, ndipo kafukufuku wa zaka ziwiri sangawaone. Koma zotsatirazi zinaziziritsa malonjezo omwe mabungwe ogawa mbaula ankapereka, ndipo zinafanana ndi za zimbudzi za ku Zimbabwe: kuyeretsa khomo limodzi pamudzi wosayera kumabweretsa phindu lochepa kuposa lomwe limayembekezeka.

Phokoso linachedwa kulandiridwa ngati vuto la zaumoyo, mwina chifukwa silisiya chizindikiro m'madzi kapena m'magazi. Limayezedwa m'ma decibel, ndipo muyezowu sukwera mowongoka: kuonjezera 10 kumatanthauza kuti mphamvu ya phokoso yawirikiza ka 10. Kucheza wamba kumakhala pa 60. Akatswiri a zaumoyo wa pantchito amaika malire pa 85 kwa maola 8, ndipo pa ma decibel 3 aliwonse oonjezera nthawi yololedwa imadulidwa pakati, kotero kuti pa 100 ndi mphindi 15 zokha. Mkati mwa khutu muli timaselo tokhala ngati ubweya tomwe tikafa sitimeranso. Wogwira ntchito m'chigayo, wowotcherera zitsulo, wocheka matabwa kapena woyang'anira zokuzira mawu pamisonkhano amagontha pang'onopang'ono osadziwa. Amayamba kulephera kumva mawu pagulu, m'makutu mumalira usiku, ndipo pofika pozindikira palibenso mankhwala. WHO ikuti achinyamata oposa 1 biliyoni ali pachiopsezo chifukwa chomvera nyimbo mokweza m'makutu ndi m'malo azisangalalo.

Phokoso losafika pogonthetsa limavulazanso, kudzera m'tulo. Khutu siligona. Galimoto kapena ndege ikadutsa usiku, mtima umagunda msanga ndipo magazi amathamanga ngakhale munthuyo sanadzidzimuke, ndipo zikamabwerezeka zaka zambiri zimaonjezera chiopsezo cha matenda a mtima. Kutsimikiza zimenezi n'kovuta chifukwa msewu wa phokoso ndi msewunso wa utsi, choncho ofufuza amakonda kuyang'ana madera a pafupi ndi mabwalo a ndege, komwe ziwirizi zimasiyanako. Umboni womveka bwino ndi wa ana asukulu. M'chaka cha 1975 wofufuza Arline Bronzaft anapeza kuti pasukulu ina ya ku New York yoyandikana ndi njanji, ana a makalasi oyang'ana kunjanji ankatsalira pakuwerenga poyerekeza ndi a mbali yachete ya sukulu yomweyo. Njanji itaikidwa mphira ndi madenga a makalasi atakonzedwa, kusiyanako kunatha. Ku Munich m'dziko la Germany bwalo la ndege linasamuka m'chaka cha 1992, ndipo ofufuza anayeza ana a mbali zonse ziwiri lisanasamuke ndi litasamuka. Ana a pafupi ndi bwalo lakale anayamba kuchita bwino pakuwerenga ndi kukumbukira, pomwe a pafupi ndi latsopano anatsika. Malangizo a WHO a 2018 a mayiko a ku Ulaya amati phokoso la pamsewu lisapyole ma decibel 53 pa avereji ya tsiku lonse ndi 45 usiku. Pafupifupi umboni wonsewu ndi wa ku Ulaya ndi ku America. Phokoso la m'matauni a kum'mwera kwa Africa ndi la mtundu wina, la majenereta, mabala, mapemphero a usiku ndi mahutala a minibasi, ndipo silinayezedwe mokwanira.

Ziwerengero zazikulu za padziko lonse zimapangidwa polumikiza zinthu zitatu: kuchuluka kwa choipitsa chomwe anthu a dera akulandira, kukwera kwa chiopsezo pamlingo umenewo malinga ndi kafukufuku wakale, ndi chiwerengero cha imfa za matenda okhudzidwawo m'deralo. Chilichonse mwa zitatuzi chikafooka, yankho limafookanso. Nkhani yake ndi ya gulu, osati ya munthu: masamu anganene kuti pa anthu 100 ofa ndi sitiroko mumzinda, akutiakuti sakanafa chaka chimenecho mpweya ukanakhala wabwino, koma sangaloze kuti ndi ati. M'mayiko osauka zitatu zonsezi zimatsimphina. Makina a boma oyezera mpweya ndi odula, ndipo mayiko ambiri a mu Africa ali nawo ochepa kapena alibiretu, choncho mpata umadzazidwa ndi zithunzi za masetilaiti zomwe zimaona utsi kuchokera kumwamba. Kukwera kwa chiopsezo kumabwerekedwa ku kafukufuku wa anthu a ku America, Ulaya ndi China, omwe utsi wawo ndi wa malasha ndi galimoto, zakudya zawo ndi zina, ndipo msinkhu wawo ndi wokulirapo. South Africa ndiyo ili ndi makina ochuluka kum'mwera kwa Africa, ndipo ziwerengero zake zinathandiza pamene khoti lalikulu ku Pretoria linagamula m'chaka cha 2022 kuti mpweya woipa wa dera la malasha la Highveld ukuphwanya ufulu wa anthu wokhala m'malo osawononga thanzi lawo.

Chovuta chachitatu, cha imfa, ndicho chachikulu. Anthu ambiri akumidzi amamwalirira kunyumba popanda dokotala wolemba chomwe chawapha. Pofuna kutseka mpata umenewu, ofufuza anakhazikitsa madera omwe kubadwa, kusamuka ndi imfa iliyonse zimalembedwa chaka ndi chaka, monga dera la Chilumba ku Karonga lomwe lakhala likutsatidwa kuyambira 2002. Munthu akamwalira, wofunsa wophunzitsidwa amapita kubanja maliro atatha kukafunsa achibale mmene matenda anayendera, kutsokomola kunatenga nthawi yaitali bwanji, miyendo inatupa kapena ayi, ndipo mayankhowo amaunikidwa ndi madokotala kapena kompyuta kuti apeze chomwe chiyenera kuti chinamupha. Kumbali ya mpweya, tizipangizo totchipa toyezera PM2.5 tayamba kuikidwa pamasukulu ndi m'misika ya mizinda monga Kampala, Nairobi ndi Accra, ndipo tina timavalidwa pachifuwa kuti tiyeze utsi womwe munthu mmodzi wapuma tsiku lonse. Tizipangizoti timasokonezeka ndi chinyezi ndi fumbi, choncho timafunika kuyerekezedwa kawirikawiri ndi makina akuluakulu kuti manambala ake akhulupirike.